Mmene mungadziwire masikirini amene anthu akuonera webusayiti yanu

Funso ili landipeza kambirimbiri moti ndaona kuti bola ndilembe kamodzi, amene adzafunsenso ndizingomupatsa izi. Limabwera mosiyanasiyana koma ndi limodzi lomwelo, wina amati "webusayiti ndiipange ya sayizi yanji?" wina amati "pa laputopu panga ikuoneka bwinobwino koma abwana akuti pa foni pawo batani sakuliona, vuto ndi chani?" Yankho lake sindingakuuzeni ine, lili mwa anthu amene akulowa pa webusayiti yanuyo, ndipo mutha kuliyeza popanda kulipira kalikonse. Chimene ndikufuna mumvetse kwenikweni ndi chakuti nambala imene Google Analytics, chida chowerengera alendo a pa webusayiti, imakuonetsani pa Screen resolution si nambala imene mumapangira dizayini, anthu ambiri amaphonyera pamenepo, ndiye sitepe 4 ndi 5 musazithamangire.

1. Yambani mwaona ngati tsamba lanu lili ndi mzere wa viewport

Musanayeze chilichonse tsegulani code ya tsamba lanu, mu gawo la head, muyang'ane mzere uwu:

<meta name="viewport" content="width=device-width, initial-scale=1">

Ngati palibe uikeni lero. Popanda mzere umenewu foni imaganiza kuti tsamba lanu linapangidwira kompyuta basi, imaliyala ngati lili ndi m'lifupi mwa mapikiselo 980 kenako nkulifinya kuti likwane, tizilembo nkukhala ngati nyerere, ndipo manambala onse amene mutolere mu sitepe 5 adzakhala abodza chifukwa aliyense wa pa foni azidzaoneka ngati ali pa sikirini yaikulu. Ma theme a WordPress pafupifupi onse amabwera nawo kale mzerewu, amene amauiwala kwambiri ndi amene alemba HTML pamanja.

2. Ikani chida chowerengera alendo, ndipo inuyo mudzichotsemo

Ena amafunsa kuti kodi sindingazione mu cPanel, mu AWStats muja, chida chowerengera alendo cha pa seva? Ayi. Seva imaona mtundu wa browser ndi komwe munthu wachokera koma kukula kwa sikirini browser siimatumiza yokha, pamafunika JavaScript yoti iwerenge pa chipangizo cha munthuyo nkutumiza. Ndiye mufunika Google Analytics 4, imene anthu amangoti GA4, kapena Matomo ngati mukufuna data yonse izikhala pa seva yanu. Ine ndifotokoza za GA4 poti ndi imene ambiri ali nayo. Samalani ndi malangizo akale amene mungawapeze, ambiri amakamba za Universal Analytics imene inasiya kutolera data pa 1 July 2023, ma menyu ake ndi osiyana kotheratu ndipo mutha kutaya tsiku mukusaka batani loti kulibenso.

Ngati muli pa WordPress, plugin ya Site Kit ya Google imakulumikizirani zonse. Ngati si WordPress, pangani property mu GA4, akupatsani nambala yoyamba ndi G- komanso ka code koti muike mu head ya tsamba lililonse, osati loyamba lokha.

Tsopano cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri pa mawebusayiti ang'onoang'ono: munthu amene amatsegula webusayitiyo kwambiri kuposa wina aliyense ndi inuyo amene mwaipanga, kawiri katatu pa ola mukukonza izi ndi izo, ndiye lipoti limadzaza ndi laputopu yanu nkumaoneka ngati alendo anu ndi a pa kompyuta. GA4 ili ndi njira yochotsera anthu a mu ofesi pogwiritsa ntchito IP, koma ngati mumagwira ntchito ndi bandulo ya TNM kapena Airtel pa hotspot IP yanu imasinthasintha, njira imeneyi siikuthandizani. Mu Site Kit muli posankha kuti aliyense amene walowa ndi password asawerengedwe, yatsani pamenepo. Apo ayi ikani mu browser yanu ka add-on ka Google kotchedwa Google Analytics Opt-out.

Chinanso chitani tsiku lomwelo: mu Admin sakani Data retention, musinthe kuchoka pa miyezi 2 kupita pa miyezi 14. Mukapanda kutero, mukadzafuna kufananitsa chaka chino ndi chatha mu Explore mudzapeza zakale zinafufutika.

3. Tsegulani lipoti la Screen resolution

Pitani pa Reports, kenako Tech, kenako Tech details. Pamwamba pa tebulo pali kamuvi pamene pamayamba palembedwa Browser, dinani pamenepo musankhe Screen resolution. Ngati Tech sakuoneka kumanzereko ndiye kuti gulu la malipoti limenelo silinayatsidwe, pitani pa Library pansi penipeni muliyatse. Mu Matomo zili pa Visitors kenako Devices.

Muona manambala monga 360x800, 1366x768, 412x915, 1536x864, 390x844. Yoyamba ndi m'lifupi, yachiwiri ndi m'litali. Apa ndi pamene malangizo ambiri amathera, amati tengani nambala yapamwamba mupangire imeneyo. Musatero, werengani kaye zotsatirazi.

Ngati webusayiti ndi yatsopano ndipo kulibe alendo, StatCounter Global Stats imaonetsa masikirini malinga ndi dziko, Malawi, Zambia ndi Mozambique zilipo. Ndi poyambira chabe, chifukwa anthu amene amalowa pa webusayiti ya sukulu ya sekondale si amene amalowa pa ya kampani yogulitsa zipangizo za mu ofesi.

4. Mvetsani kuti sikirini imodzi ili ndi manambala atatu

Apa ndi povuta ndipo ndichedwapo.

Nambala yoyamba ndi imene yalembedwa pa katoni ya foni. Mafoni ambiri otsika mtengo amene tili nawo kuno, a Tecno, Itel, Infinix ndi ma Samsung Galaxy A ang'onoang'ono, pakatoni pamalembedwa 720x1600 kapena chapompo. Amenewa ndi timadontho tenitenti ta kuwala tomwe tili pagalasipo. Nambala imeneyi mu GA4 simudzaiona, ndipo CSS yanu, code ya kaonekedwe ka tsamba, siigwiritsa ntchito.

Nambala yachiwiri ndi imene GA4 imakuonetsani, imachokera ku screen.width ndi screen.height, ndipo ili mu mapikiselo a CSS. Pikiselo ya CSS si kadontho kamodzi ka pagalasi ayi, ndi muyezo umene opanga ma browser anagwirizana kuti zilembo zizioneka kukula kofanana olo galasi likhale losalala bwanji. Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi device pixel ratio, mwachidule DPR, kutanthauza kuti timadontho tingati ta pagalasi tikupanga pikiselo imodzi ya CSS m'lifupi. Foni ija ya 720x1600 ikakhala ndi DPR ya 2 imaoneka ngati 360x800. Foni ya 1080x2400 yokhala ndi DPR ya 2.625 imaoneka ngati 412x915, ina ya galasi lomwelo koma DPR 3 imaonekanso ngati 360x800. iPhone 13 ili ndi 1170x2532 ndi DPR ya 3, ndiye mu lipoti ndi 390x844. Mwaona? Foni yodula ndi yotchipa zitha kukhala mu mzere umodzi wa 360x800, malo oika zinthu ndi ofanana, kusiyana kwake ndi kuthwa kwa zithunzi basi.

Pa kompyuta ndi chimodzimodzi. Anthu amandifunsa kuti 1536x864 ndi laputopu yanji poti m'sitolo sanaionepo. Ndi laputopu ya 1920x1080 imene Windows yaikulitsa zinthu kufika pa 125%, gawani 1920 ndi 1.25 mupeza 1536. Ikakhala pa 150% imaoneka ngati 1280x720. Pomwe 1366x768 ndi malaputopu aja akale amene adzaza m'maofesi ndi m'makoleji mwathu, ambiri ogulidwa atagwirako kale ntchito kunja, ndipo sakutha msanga.

Nambala yachitatu ndi imene ili yofunika kwa inu wopanga dizayini, viewport. Ine ndimangoti zenera, malo enieni amene tsamba lanu lapatsidwa kuti lionekerepo. Sikirini ndi khoma lonse, zenera ndi kabowo kamene munthu akusuzumirapo. Pa laputopu ya 1366x768 chotsani mzere wa Windows pansi, ma tab pamwamba, polemba adiresi, pena ma bookmark, chotsala m'litali ndi mapikiselo 600 ndi kenakake, ndipo kumbali scrollbar yadyako pang'ono. Munthu akagawa sikirini pakati, Excel uku browser uku, zenera latsala theka koma GA4 izinenabe kuti 1366x768. Akakulitsa tsamba ndi Ctrl ndi + chifukwa maso akuvuta, zenera limachepa mu mapikiselo a CSS. Ma media query anu onse mu CSS, malamulo osintha dizayini malinga ndi kukula kwa malo, amamvera zenera, samvera sikirini. Universal Analytics inali ndi Browser size imene inkaonetsa zimenezi, GA4 ilibe, nchifukwa chake tiyeza tokha.

Pa foni m'lifupi mwa zenera nthawi zambiri ndi chimodzimodzi ndi mwa sikirini, koma m'litali ndi nkhani ina. Pa 800 paja chotsanipo mzere wa nthawi ndi batire, polemba adiresi, mabatani a Android a pansi. Ndiye ganizirani kuti anthu athu ambiri webusayiti samaipeza polemba adiresi, amadina link pa Facebook nkutsegukira mkati mwa Facebook momwemo, mmene mulinso mzere wakewake pamwamba. Akadina pa fomu kiyibodi nkutulukira kudya pafupifupi theka la chotsalacho. Ndinapangapo tsamba la oda la shopu ina, batani lotumizira oda ndinalimata pansi pa bokosi lotalika 100vh, kutanthauza m'litali monse mwa zenera, pa laputopu ndi pa DevTools, zida zoyesera tsamba za mu Chrome, zonse zili bwino, koma pa foni yeniyeni batanilo linkabisala kunsi kwa sikirini chifukwa pa foni 100vh imawerengera ngati mzere wa adiresi wabisika pomwe ulipo. Panapita masiku mwini shopu akudabwa kuti anthu akumuimbira kufunsa potumizira oda, ndipo zinandipweteka chifukwa anali makasitomala ake enieni amene anavutikira bandulo kuti afike pamenepo. Masiku ano mu CSS muli miyezo ya svh ndi dvh yothetsera vuto limeneli, igwiritseni ntchito m'malo mwa vh.

Tinthu tina tiwiri tosokoneza. iPhone olo munthu aigoneke chammbali, screen.width imanenabe nambala ya choimirira, pomwe Android imatembenuza, ndiye mukaona 800x360 mu lipoti si chipangizo chachilendo, ndi foni yomwe ija yagonekedwa mwina munthu akuonera vidiyo kapena tebulo likumukanika kuwerenga. Chachiwiri, pa Android pali setting ya Display size yokulitsira chilichonse, akuluakulu ambiri amene maso ayamba kuvuta amaikweza kapena ana awo amawakwezera, ndipo ikakwezedwa foni ya 360 imatsika kufika cha m'ma 320. Anthu amenewa ndi amene amavutika kwambiri pa mawebusayiti athu ndipo sadandaula kwa wina aliyense, amangotseka.

5. Yezani zenera nokha

Ikani code iyi pansi pa ya GA4 ija, pa tsamba lililonse:

<script>
window.addEventListener('load', function () {
  if (typeof gtag !== 'function') return;
  var d = document.documentElement;
  var w = d.clientWidth;
  var gulu = w < 360 ? 'a_osafika_360' :
             w < 400 ? 'b_360_399' :
             w < 600 ? 'c_400_599' :
             w < 900 ? 'd_600_899' :
             w < 1200 ? 'e_900_1199' :
             w < 1500 ? 'f_1200_1499' : 'g_1500_kupita_mtsogolo';
  gtag('event', 'kukula_kwa_zenera', {
    gulu_la_mlifupi: gulu,
    dpr: String(Math.round(window.devicePixelRatio * 2) / 2),
    lasefukira: d.scrollWidth > w ? 'inde' : 'ayi'
  });
});
</script>

Ndifotokoze chifukwa chake ndailemba chonchi, kuti mukafuna kusintha musaononge.

Sitikutumiza nambala yeniyeni ya m'lifupi, tikuiika m'magulu. Mukatumiza nambala yeniyeni, a pa kompyuta aliyense abwera ndi yakeyake, 1349, 1351, 1263, 1107, mizere mazanamazana yopanda tanthauzo, ndipo GA4 ikaona kuti mitundu yachuluka kwambiri imayamba kuunjika ina mu mzere wolembedwa other umene simungauphwanyenso. Zilembo a, b, c kumayambiroko ndi zoti tebulo lizisanjika kuyambira chaching'ono. Malire a magulu ndawaika dala pa 1200 ndi 1500 osati pa 1366 kapena 1536, chifukwa scrollbar imadya mapikiselo angapo, ndiye mukaika malire pa 1366 penipeni laputopu iliyonse ya 1366 igwera gulu lapansi nkukusokonezani.

DPR nayo ndaizungulitsa kuti izibwera ngati 1, 1.5, 2, 2.5, 3, 3.5 ndi kupitirira.

Chachitatu chija, lasefukira, ndi chimene ndimachikonda kwambiri ndipo sindichiona mu malangizo ena. Chikufunsa kuti kodi tsambali latambalala kuposa zenera la munthuyu moti akuchita kulikokera kumbali kuti awerenge? Ndi matenda aakulu a mawebusayiti pa foni, amayamba ndi chithunzi chimodzi chopanda max-width, tebulo la mitengo, mapu, kapena mawu aatali osaduka ngati adiresi ya email. Ndipo mawu athu a Chichewa ndi aatali, mutu ngati "Zotithandizira" kapena "Tilumikizaneni" mu zilembo zazikulu pa batani lopangidwira mawu a zilembo zinayi umasefukira mosavuta. Ndi ichi simukuyerekezanso, lipoti likuuzani tsamba lake ndi gulu la m'lifupi limene zikuchitikira.

Ngati GA4 munaiika kudzera pa Google Tag Manager, gtag itha kukhala kulibe pa tsambalo ndipo code iyi ingokhala chete. Pamenepo tumizani zomwezi ndi dataLayer.push kenako mupange tag ya GA4 event mkati mwa Tag Manager yozinyamula.

Tsopano sitepe imene aliyense amaiwala kenako nkunditumizira uthenga kuti sizikugwira: GA4 imalandira zinthu zitatuzi koma siizionetsa mu malipoti mpaka mutazilembetsa. Pitani Admin, Custom definitions, Create custom dimension. Pangani zitatu, scope ikhale Event, ndipo pa Event parameter lembani ndendende gulu_la_mlifupi, dpr, lasefukira, chilembo chimodzi chikasiyana palibe chituluke. Zimayamba kuwerengedwa kuyambira tsiku limene mwalembetsa, zam'mbuyo sizibwerera, komanso zimatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti zioneke. Kuti mutsimikize lero lomwe kuti zikutumizidwa, tsegulani webusayiti pa foni ya mnzanu, inu muyang'ane pa Realtime, event ya kukula_kwa_zenera ionekera pasanathe mphindi zochepa.

Mawu pang'ono pa zachinsinsi cha anthu. Kukula kwa sikirini kukaphatikizidwa ndi zinthu zina za browser ndi njira imodzi imene makampani otsatsa malonda amazindikirira munthu olo atafufuta ma cookie, nchifukwa chake ma browser ena monga Tor amabisa dala nambala yeniyeni. Ife sitikufuna kudziwa munthu, tikufuna kudziwa gulu, ndiye chonde musatumize dzina, nambala ya foni kapena email ya munthu ku Analytics, malamulo a Google omwe amaletsa. Ku Malawi kuli Data Protection Act ya 2024 imene MACRA ikuyang'anira, ndipo ngati muli ndi alendo a ku Britain kapena ku Ulaya kumeneko malamulo a ma cookie ndi okhwima. Lembani pa webusayiti yanu momveka bwino kuti mumatolera chani komanso chifukwa chake.

6. Dikirani, kenako werengani mosamala

Musapange chiganizo ndi data ya masiku atatu. Dikirani mwezi wathunthu kuti mukhale ndi masiku a ntchito, ma weekend ndi kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, chifukwa pakati pa sabata masana mumabwera a m'maofesi pa kompyuta, madzulo ndi Loweruka ndi mafoni okhaokha. Ngati ndi webusayiti ya sukulu, sabata imene zotsatira za mayeso zatuluka kapena mafomu atsegulidwa ndi yosiyana ndi masabata ena onse, ndipo mwina ndi imeneyo yofunika kwambiri kuiyang'ana payokha.

Pitani pa Explore, Free form. Pa Rows ikani gulu_la_mlifupi, pa Values ikani Total users ndi Event count, musefe kuti event name ikhale kukula_kwa_zenera. Pangani tebulo lachiwiri, Rows ikhale Page path, Columns gulu_la_mlifupi, musefe kuti lasefukira akhale inde. Tebulo lachiwirili ndi mndandanda wa ntchito yanu ya sabata ino.

Pali zinthu zoti muchotse m'maganizo powerenga. Mukaona 800x600 yambiri mu lipoti la Screen resolution, anthu ake osakhalitsa ngakhale sekondi, ochokera mayiko amene mulibe nawo chochita, amenewo kawirikawiri ndi ma bot, mapulogalamu otsegula masamba okha osati anthu, 800x600 ndi sayizi imene Chrome yoyendetsedwa ndi pulogalamu imayambira. Musawapangire dizayini. Mbali inayi pali anthu enieni amene lipoti silikuwaona bwino: a Opera Mini pa setting yopulumutsa data kwambiri, tsamba limakonzedwera pa seva za Opera nkutumizidwa litafinyidwa, JavaScript imagwira mwa apo ndi apo, ndiye manambala awo musawakhulupirire kwambiri. Palinso amene netiweki inawadukira tsamba lisanamalize kutseguka, code yathu imadikira load ndiye amenewa sawerengedwa nkomwe, chonsecho ndi amene ali pa mafoni ang'onoang'ono kumadera kumene netiweki ndi yofooka. Choncho gulu la masikirini aang'ono nthawi zonse liyeseni lalikulupo kuposa mmene lipoti likunenera.

Gawaninso ndi dziko. Webusayiti ya mpingo, ya nyumba zogulitsa kapena ya nkhani imakhala ndi abale athu a ku Johannesburg, Cape Town, Leeds kaya Dublin, ndipo mafoni awo ndi intaneti yawo zitha kusiyana ndi za munthu wa ku Mchinji. Mukawasakaniza mupeza pakatikati pamene palibe munthu weniweni.

Koma cholakwika chachikulu kwambiri ndi kuyang'ana kuchuluka kokha. Bwererani ku lipoti la Screen resolution lija muyang'ane Engagement rate, nthawi imene akukhala, ndi Key events ngati munaika zoti muziwerenga amene atumiza fomu kapena adina batani la WhatsApp. Tiyerekeze kuti a 412 akutumiza fomu bwinobwino koma a 360 akufika pa tsamba lomwelo ambirimbiri osatumiza, pamenepo pali chinachake chothyoka pa 360, pitani mukachione. Ndipo gulu likakhala laling'ono musafulumire kunena kuti ndi ochepa tiwasiye, pena ndi ochepa chifukwa anabwera kamodzi zinawakanika sanabwererenso.

7. Sandutsani manambalawo kukhala dizayini

Yambirani pa gulu laling'ono kwambiri limene lili ndi anthu enieni. Ine ndimajambula pa 360 kaye, kenako ndimaonetsetsa kuti pa 320 palibe chosefukira. 320 si nambala yongolota, malamulo a WCAG 2.1 okhudza anthu olumala amati tsamba liziwerengeka pa m'lifupi mwa mapikiselo 320 popanda kulikokera kumbali, zimene zikufanana ndi munthu wa pa kompyuta ya 1280 amene wakulitsa kufika 400%. Mukakonza pamenepo mwathandiza onse awiri, agogo a Display size aja ndi wa maso ofooka pa kompyuta.

Ma breakpoint, malo amene dizayini imasinthira kaimidwe, musawaike pa nambala ya foni inayake. Kokani zenera la browser pang'onopang'ono kuchoka pa 320 kukwera, pamene mizere yatalika moipa kapena pakutsala malo ambiri opanda kanthu ndi pamene pakufunika breakpoint. Data ija ntchito yake ndi kukuuzani pamene muyenera kuyesa kwambiri. Ngati mukugwiritsa ntchito framework, CSS yokonzedwa kale, monga Bootstrap 5 dziwani kuti breakpoint yake yoyamba ili pa 576, ya Tailwind ili pa 640, kutanthauza kuti mafoni onse, 320, 360, 412, ali mu thumba limodzi ndipo framework siikusiyanitsirani, ndi maso anu amene aone kuti chokwana pa 412 chikupanikizana pa 360.

A malaputopu a 1366x768 muwakumbukire pa m'litali. Chithunzi chachikulu chapamwamba chija chimene chimakongola pa monitor yanu, kwa iwo chimadzaza zenera lonse moti saona kuti pansi pali kanthu.

DPR ija ntchito yake ndi zithunzi. Chithunzi chodzaza m'lifupi pa foni ya 360 ya DPR 2 chikufunika mapikiselo 720 basi, pa 412 ya DPR 2.625 chikufunika cha m'ma 1080. Ndiye kutumiza chithunzi cha mapikiselo 4000 mmene chachokera mu kamera ndi kumudyera munthu bandulo yake pachabe, iye saona kusiyana kulikonse koma tsamba lichedwa. Konzani masayizi atatu, mwachitsanzo 480, 800 ndi 1200, muwapereke ndi srcset ndi sizes kuti browser isankhe yokha, ndipo ngati nkotheka akhale a WebP. WordPress imapanga srcset yokha pa zithunzi zimene mwaika kudzera mu Media Library, koma zimene zaikidwa ngati background mu CSS kapena mu ma slider ena sizipindula nazo, ziyang'aneni pazokha.

8. Yesani pa foni yeniyeni

Mu Chrome dinani F12 kenako Ctrl, Shift ndi M pamodzi, mutha kulemba m'lifupi ndi m'litali mmene mukufunira. Mndandanda umene umabwera kale ndi wa ma iPhone, Pixel ndi Galaxy odula, ndiye pitani pa Edit muonjezere zanu zochokera mu lipoti lanu, 360x800 ya DPR 2 ndi 320x640, ndipo pa Network musankhe liwiro la 3G kuti mumve mmene mnzanu wa netiweki yofooka akumvera. Koma DevTools siikuonetsani mzere wa adiresi, kiyibodi, kapena kuchedwa kwa foni ya memory yochepa, nkhani ya batani la oda ija inadutsa pomwepa osaoneka.

Ndiye bwerekani foni ya mtundu umene uli pamwamba mu lipoti lanu, ya mlonda, ya mchemwali wanu, ya aliyense amene ali pafupi. Dzitumizireni link pa Facebook muitsegulire momwemo, kenako pa Chrome, kenako pa Opera Mini. Lembani fomu yonse mpaka kutumiza, ndi chala chachikulu, dzanja limodzi, mutaima panja padzuwa. Kwezani Display size mpaka kumapeto muyesenso. Mukafuna kuona code ya zimene zikuchitika pa foniyo, yatsani USB debugging, ilumikizeni ndi chingwe ku laputopu, mulembe chrome://inspect mu Chrome, tsamba la pa foni litseguka mu DevTools ngati lili pa kompyuta panu.

Mukakonza, lembani penapake tsiku limene mwasintha, pakatha masabata awiri mutsegulenso tebulo la lasefukira lija muone ngati ma inde atsika pa masamba amene munakonza. Ngati tsamba lina likadali ndi inde pa gulu la b_360_399, litsegule pa 360 mu DevTools, mu Console mulembe document.querySelectorAll('*').forEach(e => { if (e.getBoundingClientRect().right > document.documentElement.clientWidth) console.log(e) }) ndipo ikutchulirani chinthu chilichonse chimene chatulukira kumbali, nthawi zambiri choyamba pa mndandandawo ndi chimene chikukoka zinzake.